Thukuta la Mmisiri: Kodi Mlandu Suwoladi?

Lamulungu lina, mapemphero atatha ndipo anthu akumwazikana, bambo wina wa m'kabungwe kathu anatsalira pa benchi la kumbuyo, chipewa chili pa bondo. Timawadziwa bwino bambowa. Ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo guwa la m'tchalitchi lathu laling'onoli analimanga ndi iwowo osalandira ngakhale ngwee imodzi. Titawafunsa ngati kunyumba kwagwa zovuta, anatulutsa kabuku ka ana a sukulu kothimbirira ndi simenti nati, "Aphunzitsi, tandiwerengeraniko umu, mwina ine ndi amene ndikulakwitsa masamu."

Masamu sanalakwike ayi. Anapangana ndi mkulu wina wogwira ntchito mu Lusaka, amene anagula malo kufupi ndi msewu wa Great East, kuti amange nyumba ya zipinda zinayi kuchokera pa maziko mpaka kukhoma malata, pa mtengo wa K60,000. Zipangizo zinali za mwini nyumba. Ndalama zinkabwera pang'onopang'ono pa foni, ndipo zonse pamodzi zinakwana K38,000. Nyumba inatha, munalowa anthu a lendi, koma K22,000 yotsala inali itadikiridwa miyezi 14. Poyamba yankho linali lakuti, "Mubwere kumapeto kwa mwezi." Pambuyo pake foni inayamba kumangolira osayankhidwa. Pa ndalamazo, K9,000 inali ya anyamata atatu amene ankasakaniza simenti ndi kunyamula mabuloko, ndipo mmodzi wa iwo anali atayamba kuimirira pa khomo la mmisiriyo m'mawa uliwonse, mayi wa m'nyumba ndi ana akuona.

Bambowo anali ndi mafunso awiri. Loyamba linali lakuti, kodi apite ndi anyamata awo akazule zitseko ndi mafelemu a mawindo amene anaika okha? Lachiwiri analifunsa motsitsa mawu: popeza mwini nyumbayo ndi Mkatolika mnzathu, kodi si tchimo kumsumira ku khoti?

Nkhani yotere si yachilendo kuno. Chongwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa Lusaka, ndipo mzindawo ukusefukira kuno chaka ndi chaka. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 300,000 m'boma lino. Kuyambira ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, kudzera ku Silverest, mpaka ku Chalimbana, malo amene anali minda ya chimanga ndi msipu wa ng'ombe adzaza maziko, milu ya mchenga ndi nyumba zoima pa lintala. Ntchito kwa omanga, akalipentala, owotcherera zitsulo ndi okumba zitsime yachuluka, koma eni ntchito asintha. Kale womangitsa ndi womanga anali a mudzi umodzi. Ankakumana pa maliro, pa chitsime ndi pa mowa, ndipo manyazi okha ankakwanira kukhometsa ngongole. Lero mwini nyumba amabwera Loweruka pa galimoto, naima mphindi khumi, nabwerera ku tauni. Nyakwawa sadziwa kwawo, ndipo iye saopa nyakwawa.

Makolo athu ankati mlandu suwola, ndipo pa bwalo la mfumu, kuno kwa Asoli a Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II monganso kwa Achewa ndi Ansenga, mawuwo ndi oona: ngongole ya mbuzi imatha kufunsidwa ngakhale kwa adzukulu. Koma ku khoti la majisitireti ndi ku Khoti Lalikulu mlandu wa ngongole umawola. Dziko lathu limatsatabe lamulo la ku England la 1939 lotchedwa Limitation Act, limene limapatsa munthu zaka 6 zokha kuti asumire amene waphwanya pangano, kuwerengera kuyambira tsiku limene ndalamazo zinayenera kulipidwa. Zikatha zakazo, wangongole angathe kuuza khoti kuti nthawi inapita, ndipo mlandu uthera pomwepo, ngakhale aliyense akudziwa kuti nyumba ilipo ndipo ndalama sizinaperekedwe.

Lamulo lomweli lili ndi khomo limene amisiri ambiri salidziwa. Wangongole akavomera ngongoleyo polemba ndi kusaina, kapena akalipirako pang'ono, zaka 6 zija zimayambiranso kuwerengedwa kuchokera tsiku limenelo. Choncho kapepala kakang'ono konena kuti "ndikuvomera kuti ndatsala ndi K22,000," kokhala ndi tsiku ndi siginecha, kamachita ntchito ziwiri: kamatseka pakamwa pa wokana, ndiponso kamawonjezera masiku a mlandu.

Komabe sitikulangiza munthu kudikira zaka zonsezo. Mboni zimasamuka, zina zimamwalira, mafoni amatayika pamodzi ndi mauthenga ake. Ndalamanso imafota. Ife amene tinaona chaka cha 1993, pamene mitengo ya zinthu inakwera koposa kawiri m'chaka chimodzi, tikudziwa kuti ndalama yogula matumba khumi a feteleza lero idzagula ochepa ikabwera mochedwa. Wangongole amene amati "mawa" amakhala akulipira ndi ndalama yopepuka kuposa imene analonjeza.

Za kuzula zitseko

Pa funso loyamba lija tinayankha mosazengereza kuti asayese. Chitseko chikangokhomedwa, lata likangokwera pa denga, lamulo limaziona ngati mbali ya nyumba, ndipo nyumbayo ndi ya mwini malo. Mmisiri amene alowa pa malopo popanda chilolezo nayamba kugumula, angathe kugwidwa pa mlandu wowononga katundu wa mwini. Pamenepo wokongoza ndiye agona m'chitokosi, wangongole nasanduka wodandaula. Tinaonapo zotere zikuchitikira mnyamata wina wowotcherera amene anakazula geti usiku: ndalama zake sanazione, ndipo abale ake anagulitsa mbuzi kuti amuombole.

Zimasiyana pang'ono ndi katundu amene akali m'manja mwa mmisiri. Makanika amene wakonza galimoto, telala amene wasoka nsalu ya mwini, kapena kalipentala amene wakonza mpando wobwera nawo mwini wake, ali ndi ufulu wosunga chinthucho mpaka atalipidwa. Kusunga kokha, osati kugwiritsa ntchito kapena kugulitsa mwa yekha. Akangochipereka, ufulu umenewo watha.

Ena amathamangira ku polisi. Tinene poyera kuti ngongole ya ntchito ndi mlandu wa pakati pa anthu awiri, ndipo apolisi sanaikidwe kuti azitolera ngongole. Amalowererapo ngati pali chinyengo chenicheni, monga munthu amene ananama za dzina lake kapena za udindo wake kuti atenge katundu, kapena amene anapereka cheke akudziwa kuti ku banki kulibe kanthu. Kuopseza munthu ndi polisi pa ngongole wamba kumangowononga mwayi wokambirana. Kumtukwana pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp nakonso kungabale mlandu wina wakuipitsa mbiri, umene ungadye ndalama zoposa ngongoleyo.

Kabuku kothimbirira kaja

Mmisiri wathu ankaganiza kuti alibe mlandu chifukwa sanalemberane kontirakiti. Apa tinawalimbitsa mtima. Pangano la pakamwa la ntchito yomanga ndi pangano ndithu pamaso pa lamulo. Vuto lake ndi umboni basi. Ngakhale pamene mtengo sunatchulidwe konse, munthu akapempha ntchito, naiona ikugwiridwa, nailandira, khoti lingamlamule kulipira mtengo woyenera ntchitoyo.

Titasanthula zimene anali nazo, tinapeza kuti umboni unali wochuluka kuposa mmene ankaganizira. M'kabuku muja munali tsiku lililonse limene analandira ndalama. Mu foni munali mauthenga a mobile money osonyeza dzina la wotumiza, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama, ogwirizana ndendende ndi za m'kabuku. Munalinso uthenga umodzi wa mwini nyumba wopempha kuti amdikire pa "zotsalazo" mpaka atalandira malipiro ake. Lamulo la 2021 la Electronic Communications and Transactions Act limalola mauthenga a pa foni ndi pa kompyuta kulandiridwa ngati umboni. Tinawalangiza kuti apite nayo foniyo kwa osindikiza mapepala pa boma, asindikize zonse, ndipo foniyo aisunge ngati dzira, pakuti khoti lingafune kuona uthengawo m'menemo. Mwana wawo wamkazi anali atajambula zithunzi za nyumbayo ili pa maziko, ili pa lintala ndiponso itafoleredwa. Anyamata atatu aja ndi mayi wa pafupi amene ankawagulitsa madzi anali mboni.

Chinthu chimodzi chokha chinasowa, ndipo n'chimene chimasowa kwa ambiri: mmisiriyo sankadziwa kumene mwini nyumba amakhala. Chaka chathunthu ankangomutchula kuti "abwana." Khoti silingaitane abwana. Limafuna dzina lonse ndi malo amene samani ikaperekedwe m'manja. Dzina tinalipeza pa mauthenga a ndalama aja, ndipo nyumba ya ku Lusaka inadziwika kudzera mwa woyendetsa lole amene ankabweretsa simenti. Ngati wopereka ntchito ndi kampani, dzina lake lenileni ndi adiresi yake zimapezeka ku ofesi yolembetsa makampani ya PACRA polipira ndalama pang'ono, ndipo wosumiridwa amakhala kampaniyo, osati kapitawo amene munkalankhula naye.

Mkhristu ndi khoti

Funso lachiwiri ndilo linatitengera nthawi. Ambiri timakumbukira kuti Paulo Woyera anadzudzula Akhristu a ku Korinto chifukwa chosumirana, ndipo timaimira pomwepo. Timaiwala kuti m'ndime yomweyo ya 1 Akorinto 6 akudzudzulanso amene amabera abale awo. Malamulo a Mpingo, pa kanoni 1446, amatipempha kupewa milandu mmene tingathere, koma amanenetsa kuti chilungamo chisaphwanyidwe. Ndipo Katekisimu, pa nambala 1867, imaika kumana wantchito malipiro ake pakati pa machimo olira kwa Mulungu, pamodzi ndi kukhetsa magazi a mbale.

Kukhululukira ngongole ndi chinthu chokoma, koma ndi mphatso ya mwini ndalama, yoperekedwa mwaufulu kwa amene walephera. Mwini nyumba uyu sanalephere, pakuti ankalandira lendi mwezi ndi mwezi pa nyumba yomweyo. Ndiponso K9,000 ya anyamata aja sinali ya mmisiri kuti aikhululuke. Tinawauza bambowo kuti kukhala chete kwawo, kumene ankakuyesa kufatsa, kunali kugoneka ndi njala mabanja atatu amene sanafunsidwe n'komwe.

Dongosolo la pa Mateyo 18, loyamba ndi kulankhula awiri, kenaka kutenga mboni, kenaka kuuza mpingo, likugwirizana bwino ndi zimene makhoti amafuna kuona munthu asanasume. Akuluakulu awiri a kabungwe anatsagana ndi mmisiriyo ku Lusaka. Mwini nyumba anawalandira ndi tiyi, koma anadandaula kuti khoma lina linang'ambika ndipo analipira munthu wina kulikonza. Apa tiike mawu kwa amisiri anzathu: si mwini ntchito aliyense wokana kulipira amene ali wakuba. Alipo omanga amene amadya ndalama za chikole nathawira ku ntchito ina, alipo ochepetsa simenti, ndipo ku khoti mwini nyumba ali ndi ufulu wobweza mlandu pa ntchito yoipa kapena yosatha. Amene akufuna kusuma ayambe wayendera ntchito yake ndi diso la mdani. Mmisiri wathu anavomera kuti mng'aluwo unalipodi, ndipo anachotsapo K2,000. Mwini nyumba analemba ndi dzanja lake kuti watsala ndi K20,000, adzalipira K5,000 mwezi uliwonse, nasaina pamaso pa akuluakulu aja.

Analipira mwezi umodzi, foni nkuyambanso kulira yokha.

Makomo atatu a khoti

Munthu asanasume amalemba kalata yofunsa ndalama. Isakhale ya mkwiyo kapena yaitali. Itchule ntchito imene inagwiridwa, mtengo, zimene zalipidwa, zimene zatsala, tsiku lomaliza kulipira, ndi mawu akuti tsikulo likapita nkhaniyi ipita ku khoti. Wolemba asunge kope lake, ndipo wopereka kalatayo akhale munthu amene angadzachitire umboni kuti inafika. Ngongole zambiri zimathera pa kalata yomweyi, chifukwa wangongole amazindikira kuti mmisiri uja wasiya kupempha.

Khomo lapafupi ndi Local Court, khoti laling'ono limene ambiri timalidziwa chifukwa cha milandu ya maukwati ndi ya chuma cha masiye. Limaweruza makamaka potsata mwambo, munthu amalankhula chinenero chake, maloya saimira anthu kumeneko, ndipo ndalama zosumira n'zochepa. Ngongole yaing'ono ya pakati pa anthu a m'dera limodzi, monga ya kuumba njerwa, kufolera nyumba kapena kulimitsa ng'ombe, imakwanira kumeneko. Koma lili ndi malire pa ndalama zimene lingalamule, choncho funsani kalaliki musanalipire. Wosakhutira ndi chigamulo amachita apilo kwa majisitireti pasanathe masiku 30.

Khomo lachiwiri ndi limene tikufuna kuti owerenga athu alidziwe bwino, chifukwa linakhazikitsidwira anthu ngati mmisiri wathuyu. Ndi Small Claims Court, khoti la ngongole zing'onozing'ono. Lamulo lake linapangidwa mu 1992, koma linagona m'mabuku mpaka linakonzedwanso mu 2008, ndipo makhotiwo anayamba kuweruza mu 2009 ku Lusaka ndi ku Ndola. Kwa zaka zambiri malire ake anali K20,000, ndipo mu 2023 anakwezedwa kufika pa K75,000. Woweruza amatchedwa Commissioner, ndipo amakhala loya wozolowera ntchito. Mbali zonse ziwiri siziloledwa kubwera ndi loya wozilankhulira, kotero wolemera ndi wosauka amaima ndi pakamwa pawo ndi mapepala awo. Munthu amayamba ndi kalata yofunsa ndalama ya pa fomu ya khotilo, imene imapatsa wangongole masiku 14. Akapanda kulipira, mumalemba dandaulo, khoti limapereka tsiku, ndipo mapepalawo amaperekedwa kwa wosumiridwa. Commissioner amafunsa yekha mafunso, amayesa kuyanjanitsa, ndipo zikakanika amagamula. Chigamulo chake sichichitidwa apilo monga m'makhoti ena. Chimangounikidwanso ndi gulu la ma Commissioner pa zifukwa zowerengeka, monga ngati wina sanapatsidwe mpata wolankhula. Khotili limakhala ku Lusaka, ndipo popeza eni ntchito ambiri a kuno amakhala komweko, ulendo wa minibasi suli wolemera poyerekeza ndi zimene ukukatenga.

Khomo lachitatu ndi khoti la majisitireti, limene lilipo pa boma la Chongwe pomwe pano. Kumeneko kumapita ngongole zokulirapo ndi milandu yopota, monga pamene mbali ziwiri zikutsutsana kwambiri pa ubwino wa ntchito. Pa ngongole ya ndalama yodziwika bwino pali samani yapadera: wosumiridwa akailandira napanda kuyankha m'masiku oikika, wodandaula angapemphe chigamulo popanda kuzenga mlandu wonse. Kuno loya amaloledwa, ngakhale kuti munthu angathenso kudziimira yekha. Ndalama zikaposa mphamvu za majisitireti, mlandu umapita ku Khoti Lalikulu, kumene kuyambira 1997 woweruza amatha kutumiza mbali ziwirizo kwa mkhalapakati kuti ziyese kumvana mlandu usanazengedwe. Kulikonse kumene mwapita, musaiwale kupempha chiwongoladzanja pa nthawi imene ndalama zachedwa ndiponso ndalama zimene mwawononga posuma. Khoti kawirikawiri silipatsa munthu chimene sanapemphe.

Amene sadziwa khomo loyenera asachite manyazi kufunsa. Bungwe la boma la Legal Aid Board, limene likugwira ntchito pansi pa lamulo latsopano la 2021, limathandiza osowa ndalama za loya. Kwathu ku Mpingo, a Chilungamo ndi Mtendere pamodzi ndi Caritas akhala akuphunzitsa alangizi a zamalamulo amene amathandiza kulemba makalata ndi kulozera anthu njira. Funsani ku ofesi ya parishi.

Chigamulo si ndalama

Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi. Amatuluka m'khoti akusekerera ndi pepala la chigamulo, naganiza kuti ndalama zibwera zokha. Khoti silithamangitsa wangongole ngati wopambana sanalipemphe. Wangongole akanyozera chigamulo, mumabwereranso ku khoti kukatenga chilolezo cholanda katundu, chimene chimaperekedwa ku ofesi ya Sheriff. Mabelifi, amene ndi amithenga a ofesiyo, amapita kukalemba ndi kutenga katundu monga galimoto, firiji kapena mipando, nakagulitsa pa okushoni. Zovala, zofunda ndi zida zofunikira pa ntchito ya munthu lamulo limaziteteza. Mabelifi amayenda bwino ngati wodandaula awauza kumene katundu ali ndiponso kuti ndi wa wangongoleyo ndithu, chifukwa kulanda katundu wa mkazi wake kapena wa munthu wa lendi kumabala mlandu wina.

Njira ina ndi kupempha khoti kuti ligwire ndalama za wangongole zimene zili m'manja mwa wina, monga ku banki, kuti ziperekedwe kwa inu. Inanso ndi kumuitanitsa kuti adzafotokoze polumbira zimene amapeza. Khoti likaona kuti alibe zambiri, limamuikira zolipira pang'onopang'ono. Munthu samangidwa chifukwa cha umphawi, koma amene ali nazo nakana dala kumvera lamulo la khoti angathe kutsekeredwa kwa masabata angapo, ndipo ngongoleyo imakhalapobe akatuluka.

Tiyenera kunena zoona kuti pali ngongole zina zosayenera kuzithamangira. Ngati wangongole alibe ntchito, alibe katundu, ndipo nyumba ija anaigulitsa kale, chigamulo chidzangokhala pepala la m'sutikesi. Musanalipire ndalama zosumira ndi za maulendo, dzifunseni chimene mabelifi akapeze.

Ntchito za boma

Kuyambira 2022, pamene ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, amisiri ambiri a kumidzi alowa m'ntchito zomanga makalasi, zipatala zing'onozing'ono ndi kukhoma madesiki. Ntchito zimenezi zili ndi malamulo akeake. Womanga amayenera kukhala wolembetsa ku National Council for Construction. Malipiro amatuluka pokhapokha woyang'anira ntchito atayendera ndi kusaina satifiketi, ndipo gawo lina limasungidwa mpaka itatha nthawi yoona ngati nyumba ili ndi zilema. Amene akudandaula kuti sanalipidwe ayambe wafunsa kuti satifiketi yake yaima pa tebulo la yani, ndipo afunse polemba kalata. Awerengenso kontirakiti yake, pakuti zambiri zimanena kuti mkangano upite kwa woweruza wapadera wosankhidwa ndi mbali ziwirizo. Pamene pali mawu otero, lamulo la Arbitration Act la 2000 limalola mbali inayo kupempha khoti kuti liimitse mlandu ndi kuutumiza kumeneko.

Amisiri ambiri a kwathu kuno sapangana ndi boma mwachindunji. Amalembedwa ndi kontilakitala wamkulu amene anapata ntchitoyo. Mlandu wawo uli pa kontilakitalayo, osati pa sukulu, pa khonsolo kapena pa phungu. Mawu akuti "boma silinandilipire" samasula kontilakitala ku ngongole yake, pokhapokha ngati munagwirizana kuyambira pachiyambi kuti mudzalandira iye akalandira. Boma lenilenilo limasumiridwa m'dzina la Attorney General, koma mabelifi saloledwa kulanda katundu wa boma. Wopambana amatenga satifiketi ya chigamulo nayembekezera pa mzere wa olipidwa, ndipo mzerewo ndi wautali.

Anyamata osakaniza simenti aja nawonso ali ndi njira yawo. Iwo ndi antchito a mmisiri, ndipo lamulo la Employment Code Act la 2019 limawalola kukadandaula ku ofesi ya zantchito ngakhale analembedwa pakamwa. Mmisiri wathu atamva zimenezi anaseka mowawidwa, nati, "Ndiye kuti ine ndili pakati ngati chimanga cha pa mphero."

Mmene zinathera

Mmisiriyo anapita ku Small Claims Court ndi envulopu yokhala ndi kabuku kaja, mauthenga osindikiza, zithunzi ndi pepala losainidwa lija. Ulendo woyamba unali wokatenga fomu, wachiwiri wokalemba dandaulo, ndipo tsiku la mlandu mwini nyumba sanabwere, kotero linaikidwa tsiku lina. Paulendo wachinayi anakumana. Mwini nyumba anayambanso nkhani ya khoma, koma Commissioner anamuonetsa pepala la dzanja lake lomwe, pamene K2,000 inachotsedwa kale, namfunsa ngati siginechayo ndi yake. Nkhani sinatalike. Analamulidwa kulipira K15,000 yotsala m'magawo atatu, pamodzi ndi ndalama zosumira.

Magawo awiri analowa pa nthawi yake. Mmisiri anaitana anyamata atatu aja kunyumba kwathu, nawawerengera ndalama zawo pa tebulo ife tikuona, aliyense nasaina m'kabuku komwe kaja. Gawo lachitatu lachedwa ndi masabata atatu pamene tikulemba nkhaniyi, ndipo bambowo akuti adikira mpaka mwezi uthe asanapite kukafunsa za mabelifi.

Pakali pano apeza ntchito ina cha ku Kanakantapa, nyumba ya mayi wina wopuma pa ntchito ya unamwino. Asanakumbe maziko anabwera kwathu ndi pepala kuti tiwaonere kalembedwe. Analemba mayina onse awiri, manambala a ziphaso ndi kumene aliyense amakhala. Mtengo anaugawa panayi: pa silabu, pa lintala, pa denga ndi pa pulasitala, ndipo pansi pake analemba kuti gawo lina silidzayamba lisanalipidwe lapitalo, ndi kuti ntchito iliyonse yowonjezera idzalembedwa kuseri kwa pepalalo ndi mtengo wake. Ankaopa kuti mayiwo akhumudwa poganiza kuti sakuwakhulupirira. Mayiwo anawerenga kawiri, napempha cholembera, nawonjezera mzere wawo wonena tsiku limene nyumbayo iyenera kutha.